Mmene Mungayendetsere Ntchito Yopangira Kasitomala Pulogalamu ya Pakompyuta

Akatswiri ambiri olemba mapulogalamu a pakompyuta ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu amaidziwa bwino nkhani iyi. Ntchito imene anagwirizana kuti idzatha m'miyezi itatu yafika mwezi wachisanu ndi chitatu isanathe, kasitomala akutumiza zofuna zatsopano pa WhatsApp usiku uliwonse, ndalama ya dipoziti inatha kalekale, ndipo aliyense mwa awiriwo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti mnzake ndi amene wamulakwira. Kawirikawiri code, yomwe ndi malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, imakhala ilibe vuto lalikulu. Chimene chinasokonekera ndi chakuti zambiri zimene anapangana zinali za pakamwa, ndipo lero aliyense akuzikumbukira mosiyana.

Malangizo awa ndi a munthu amene amagwira yekha kapena ali ndi gulu la anthu awiri mpaka asanu. Kuti nkhani isayandame, titsatira chitsanzo chimodzi: sukulu ya sekondale yoyima payokha yakupemphani kuti muipangire pulogalamu yolembera fizi, yosindikiza malisiti ndi yosonyeza ophunzira amene ali ndi ngongole.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope ndi cholembera zotengera kumisonkhano, ndi foni yojambulira mapepala amene kasitomala amagwiritsa ntchito.
- Chikalata cha mgwirizano chimene loya anachiwerengapo kamodzi, choti muzingosintha mayina, mitengo ndi masiku.
- Akaunti ya GitHub kapena GitLab yosungirako code pa intaneti.
- Malo olembapo ntchito zonse ndi pamene zafika. Trello kapena Jira n'zabwino, komanso Google Sheets imakwanira ngati muli ochepa.
- Figma, kapena mapepala wamba ndi pensulo, zojambulira maonekedwe a masikirini.
- Maseva awiri (makompyuta amene pulogalamu imaikidwapo kuti anthu aziigwiritsa ntchito), ina yoyeserapo ndi ina imene kasitomala adzagwirirepo ntchito yeniyeni.
- Fomu ya tsamba limodzi yopempherapo kusintha kulikonse.
- TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA, akaunti ya kubanki ya bizinesi, ndi ndondomeko yolembera makotesheni ndi mainvoisi.
- Njira yogwirira ntchito magetsi akathima, ndi masimukhadi a makampani awiri kuti netiweki imodzi ikavuta musaime.

## Musanalembe mzere uliwonse wa code

### 1. Pezani munthu mmodzi wokhala ndi mawu omaliza

Pasukulu yathuyi pali mwini sukulu amene adzalipire, mphunzitsi wamkulu amene akufuna malipoti, ndi bursar, wolandira ndi kusunga ndalama za sukulu, amene azidzakhala pakompyutayo tsiku ndi tsiku. Onse atatu muwamvetsere, koma pemphani mwini sukulu kuti atchule m'kalata munthu mmodzi amene azivomereza kapena kukana zinthu m'malo mwa sukulu yonse.

Chenjezo: wantchito sakonda kutsutsa abwana ake pagulu. Bursar akhoza kuvomera zonse pamsonkhano pamene mumtima akudziwa kuti zimene abwana akunenazo sizichitika choncho muofesi. Pezani mpata wokambirana naye ali yekha.

### 2. Khalani tsiku lathunthu muofesi ya kasitomala

Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo mtengo wa kufulumirako amadzaulipira kumapeto. Mukamufunsa kasitomala kuti akufuna chiyani, amakufotokozerani mmene ntchito imayenera kuyendera. Mukakhala pampando pafupi ndi bursar tsiku limene makolo akubwera kudzalipira, mumaona mmene imayenderadi. Mudzapeza kuti kholo lina lalipira kubanki koma pakapepala ka dipoziti palembedwa dzina la amalume a mwana, osati la wophunzirayo. Mudzaona mayi amene wapereka theka la fizi n'kulonjeza kuti zotsalazo abweretsa akagulitsa soya, komanso bambo amene walipirira ana atatu ndi ndalama imodzi ndipo akufuna lisiti limodzi. Palinso ophunzira amene amalipiriridwa ndi bungwe lothandiza, ana a aphunzitsi amene amachotseredwa mtengo, ogonera pasukulu ndi oyendera amene fizi yawo imasiyana, ndi ngongole ya teremu yatha imene iyenera kuonekera pa teremu ino.

Chilichonse mwa zimenezi ndi ntchito ya masiku angapo kwa wolemba code, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene mwini sukulu akanakumbukira kukuuzani pafoni. Safunsa anadya phula, choncho funsani ngakhale zimene zikuoneka zachibwana: lisiti likalembedwa molakwika amalifafaniza ndani, ndipo ndalama ikabwezedwa kwa kholo imalembedwa pati? Jambulani buku la malisiti, kaundula wa ophunzira ndi mafayilo a Excel amene alipo, mutapempha chilolezo. Onaninso kompyuta imene ili muofesimo, makina osindikizira, mphamvu ya netiweki pamalopo, ndi maola amene magetsi amathima, pakuti zimenezi ndi zimene zidzakuuzeni ngati pulogalamuyo iyenera kugwira ntchito ngakhale popanda intaneti.

### 3. Lembani chikalata cha zimene pulogalamu idzachite ndi zimene sidzachita

Lembani m'mawu amene bursar angamve, ndipo chiganizo chilichonse chikhale choti munthu angathe kuchiyesa n'kunena kuti chatheka kapena ayi. Mawu akuti "pulogalamu izitulutsa malipoti" alibe malire ndipo adzakuyambanitsani. Lembani kuti "mphunzitsi wamkulu akasankha kalasi ndi teremu, pulogalamu itulutse mndandanda wa ophunzira amene sanamalize fizi, ndi ndalama imene aliyense watsala nayo, woti n'kusindikizidwa pa pepala la A4."

Gawani zofunikazo patatu: zimene popanda izo pulogalamu singayambe kugwira ntchito, zimene n'zothandiza koma zingadikire, ndi zimene zili za mtsogolo. Kenako onjezani tsamba limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa ena onse, la mutu wakuti "Zimene sizili m'ntchito ino". Pamenepo lembani momveka kuti malipiro a aphunzitsi, zotsatira za mayeso, kutumiza ma SMS kwa makolo ndi pulogalamu ya pafoni sizili pamtengo umene mwagwirizana. Kasitomala asainire tsamba lililonse.

### 4. Onetsani zithunzi za masikirini

Jambulani sikirini iliyonse, ngakhale pa pepala, ndipo muuze bursar kuti akusonyezeni ndi chala pamene angadine pofuna kulemba malipiro a mwana. Kusintha chojambula kumatenga mphindi khumi, pamene kusintha sikirini yomalizidwa kumatenga masiku.

Chenjezo: zithunzi zokongola za pa Figma zimapangitsa kasitomala kuganiza kuti ntchito yatsala pang'ono kutha. Muuzeni poyambirira kuti zimene akuonazo zili ngati pulani ya nyumba, maziko sanakumbidwe.

## Mtengo, nthawi ndi mgwirizano

### 5. Werengerani nthawi ndi mtengo kuchokera pa tizigawo ting'onoting'ono

Phwanyani ntchito yonse kukhala tizigawo toti kalikonse kasapitirire masiku awiri. Kachigawo kamene simungathe kukaphwanya chonchi ndi chizindikiro chakuti simunakamvetse, ndiye bwererani kwa kasitomala mukafunsenso. Powerengera masiku musaiwale ntchito zimene si kulemba code: misonkhano, maulendo opita kusukuluko, kuyesa pulogalamu, kusamutsa maina ndi ngongole kuchokera m'mabuku akale, kuphunzitsa ogwiritsa ntchito ndi kulemba kabuku kowatsogolera. Mukaphatikiza zonse, onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu a masikuwo. Zimenezi si kubera kasitomala, chifukwa maliro, matenda, kuthima kwa magetsi ndi masiku amene ovomereza ntchito ali paulendo zidzabwera ndithu.

Zinthu zolipira ndi ndalama zakunja muzipatule pa mtengo wa ntchito yanu. Hosting (lendi ya malo pa seva), domain (dzina la adiresi ya pa intaneti), malayisensi ndi ndalama ya madola 25 yotsegulira akaunti yoikira mapulogalamu pa Google Play zikhale pamzere wakewake, zolembedwa m'madola, ndipo kasitomala azilipira molingana ndi mtengo wa dola wa tsiku lolipiralo. Banki yayikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo mu November 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali atalonjeza hosting ya zaka ziwiri pamtengo wa makwacha wosasintha anatsala akulipirira kasitomala wake kuchokera m'thumba mwake. Pachifukwa chomwecho, lembani pa kotesheni kuti mtengowo ugwira ntchito kwa masiku 30 okha.

Malipiro muwamangirire ku zinthu zooneka, osati ku masiku a pakalendala. Ngati ntchito ndi ya K6,000,000, mukhoza kugawa chonchi: K2,400,000 posainirana mgwirizano, K1,800,000 pamene kulemba malipiro ndi kusindikiza malisiti kwayamba kugwira pa seva yoyeserapo, K1,200,000 kasitomala akamaliza kuyesa n'kuvomereza, ndi K600,000 patatha mwezi pulogalamu ikugwira ntchito. Funsaninso msanga ngati kasitomala adzachotsa msonkho wa withholding tax pa invoisi yanu. Akachotsa, akupatseni satifiketi yake, poti ndiyo umboni wanu ku MRA.

Chenjezo: musayambe ntchito dipoziti isanalowe muakaunti, ngakhale atakuuzani kuti cheke chikungodikira siginecha ya abwana.

### 6. Sainiranani mgwirizano

Kuwonjezera pa mtengo ndi masiku, mgwirizano uyankhe mafunso amene anthu amakanganirana ntchito ikatha. Code ndi ya yani, ndipo umwini wake ukusamukira kwa kasitomala liti? Ndi nzeru kulemba kuti umasamuka malipiro omaliza akaperekedwa, ndiponso kunena poyera ngati mukufuna kudzagulitsa pulogalamu yofanana nayo ku sukulu zina. Zolakwika muzidzakonza mwaulere kwa masiku angati? Kasitomala akachedwa kupereka mndandanda wa ophunzira kapena kuyankha mafunso, tsiku lomaliza ntchito lisunthe ndi masiku omwewo. Mbali imodzi ikafuna kusiya ntchito pakati, zimene zachitika kale zilipiridwa motani?

Muikemonso ndime yokhudza zinsinsi za anthu. Pulogalamuyi isunga maina a ana, manambala a foni a makolo ndi ngongole zawo, ndipo dziko la Malawi lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA ndi lomwe limayang'anira. Lembani amene adzaloledwe kuona zimenezi, kumene zidzasungidwe, ndiponso kuti inu mudzafufuta zonse zimene zili pa laputopu yanu ntchito ikatha.

## Ntchito ili mkati

### 7. Gwirani ntchito m'magawo a masabata awiriawiri

Yambani ndi chinthu chimene chili mtima wa pulogalamu, chomwe pano ndi kulemba malipiro ndi kutulutsa lisiti, osati tsamba lokongola lolowera. Pakutha pa masabata awiri aliwonse, itanani woimira kasitomala adzagwiritse ntchito yekha zimene mwamaliza pa seva yoyeserapo, inu mukungoyang'ana osagwira mausi. Code yonse izikwera pa GitHub kapena GitLab tsiku lililonse musanaweruke, chifukwa laputopu imabedwa, imagwa, ndiponso imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Lachisanu lililonse tumizani imelo yaifupi yonena zimene zatha, zimene mugwire sabata yamawa, ndi zimene mukudikira kuchokera kwa kasitomala.

### 8. Kusintha kulikonse kudutse pa fomu

Kusintha zofuna ntchito ili mkati ndi kumene kumapha ntchito zambiri, ndipo kumabwera mwaulemu kwambiri. Mwini sukulu amakuimbirani foni madzulo, n'kukupatsani moni, kufunsa za kunyumba, kenako n'kunena kuti, "Achimwene, kakang'ono chabe, tangoikanimo kuti makolo azilandira uthenga pafoni akalipira." Kukana kumaoneka ngati mwano, makamaka ngati wopemphayo ndi wamkulu kwa inu, choncho ambiri amangoti "chabwino bwana" osaganiza kuti kakang'onoko kakufuna kampani yotumizira ma SMS, ndalama yolipira uthenga uliwonse, kukonza manambala a foni olembedwa mosiyanasiyana m'kaundula, ndi sabata yathunthu ya ntchito. Tizinthu totere tikafika khumi, miyezi iwiri yapita ndipo palibe tambala imene yawonjezeka.

Simukuyenera kukana. Yankhani kuti, "Ndi ganizo labwino bwana, ndilembe pa fomu ndipo mawa ndikuuzani masiku ndi ndalama zimene lifune." Pa fomuyo lembani chimene chapemphedwa, amene wapempha, masiku owonjezera, mtengo wowonjezera ndi tsiku latsopano lomalizira ntchito yonse. Perekani njira zitatu kwa kasitomala: alipire zowonjezerazo, achotse chinthu china chofanana kukula kuti chatsopanochi chilowe m'malo mwake, kapena chidikire gawo lachiwiri la ntchito. Mudzadabwa kuona kuti zambiri zimene dzulo zinali zofunika mwamsanga zimasanduka zoti zingadikire pamene zaikidwa mtengo. Ngakhale kusintha kumene mwaganiza kuchita mwaulere kulembedwe pa fomu, n'kulembapo kuti mtengo wake ndi ziro, kuti tsiku lina podzakambirana za kuchedwa padzakhale choloza.

Chenjezo: WhatsApp ndi yabwino popangana nthawi ya msonkhano, koma si kaundula wa ntchito. Mauthenga a mawu safufuzika, foni ikatayika zokambirana zikhoza kupita nayo, ndipo pagulu la anthu asanu ndi atatu aliyense amadziona ngati ali ndi mphamvu yolamula. Chilichonse chimene mwamvana pafoni kapena pa WhatsApp, chilembeni pa imelo tsiku lomwelo ndi kupempha woimira kasitomala kuti ayankhe kuti wavomereza.

### 9. Yesani pulogalamu ndi anthu enieni ndi ziwerengero zenizeni

Tengani chikalata cha gawo 3 ndipo bursar ayese chiganizo chilichonse, n'kuchonga chimene chatheka. Muyesenso zovuta dala: kulemba lisiti limodzi kawiri, kuzimitsa kompyuta malipiro ali pakati polembedwa, kuika ndalama yoposa fizi, kulemba ophunzira awiri a dzina limodzi. Kusamutsa zolemba zakale kumadya nthawi yambiri kuposa mmene munthu amaganizira, chifukwa m'mafayilo a Excel dzina limodzi limapezeka litalembedwa m'njira zitatu. Kuyeretsa maina ndi kutsimikiza ngongole ndi udindo wa sukulu, ndipo ndalama zonse za ngongole zimene zalowa mu pulogalamu zifanane ndi za m'buku mpaka pa tambala musanapitirire. Zonse zikayenda, woimira kasitomala asainire chikalata chovomereza ntchito.

## Kupereka ntchito

### 10. Sankhani bwino tsiku loyambira

Musayambitse pulogalamu ya fizi sabata yotsegulira sukulu mu September, pamene pakhomo pa bursar pali mzere wa makolo. Yambani pa tchuthi kapena pakati pa teremu, tsiku la Lolemba kapena Lachiwiri, kuti vuto likapezeka mukhale ndi sabata yolikonzera. Kwa mwezi woyamba sukulu ipitirize kulemba m'buku lakale pambali pa pulogalamu, ndipo madzulo aliwonse ziwerengero ziwirizo ziyerekezedwe. Phunzitsani anthu osachepera awiri, chifukwa bursar akhoza kudwala kapena kusiya ntchito.

Konzani backup (kukopera zolemba zonse za mu pulogalamu n'kuzisunga padera) yochitika yokha tsiku lililonse, yosungidwa kumalo ena osiyana ndi kumene kuli seva. Musanachoke, yesani kubwezeretsa database, yomwe ndi nkhokwe ya zolemba zonse za pulogalamu, kuchokera ku backup imeneyo kasitomala akuona. Ambiri amazindikira kuti backup yawo ndi fayilo yopanda kanthu tsiku limene seva yafa.

### 11. Perekani makiyi ndi kukambirana za chisamaliro

Lembani mndandanda wa mapasiwedi, maakaunti a hosting, domain ndi malo amene code ili, ndipo muupereke malipiro omaliza akalowa. Kenako sainiranani mgwirizano wina wa chisamaliro, wa pamwezi kapena wa pachaka, wonena maola amene mungaimbiridwe foni, nthawi imene muziyankha, ndi kusiyana kwa kukonza cholakwika ndi kupanga chinthu chatsopano.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kugwirira ntchito wachibale kapena mnzanu wa kumpingo popanda pepala. Anthu amaopa kuti kutulutsa mgwirizano kuoneka ngati sakumukhulupirira mnzawoyo. Ntchito zotere ndi zimene zimafunika pepala koposa, chifukwa zikavuta simungapite kukhoti mosavuta ndipo mudzakumanabe pa ukwati ndi pamaliro.

Kukhala chete ntchito ikachedwa. Kasitomala amapirira kuchedwa kumene wauzidwa masabata awiri pasadakhale, pamodzi ndi chifukwa chake ndi tsiku latsopano. Foni yosayankhidwa ndi imene imamupangitsa kuganiza kuti mwathawa ndi dipoziti.

Kuthamangira kulemba anthu ena ntchito pamene nthawi yatha. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu yaikulu ya OS/360 ku kampani ya makompyuta ya IBM, analemba mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa pulogalamu yochedwa kale kumaichedwetsa kwambiri, chifukwa akale amasiya ntchito yawo n'kumaphunzitsa atsopano. Ndi bwino kukambirana ndi kasitomala zochepetsako zinthu za gawo loyamba.

Kulonjeza kulumikiza pulogalamu ku Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki musanafufuze. Kulumikiza kotere kumafuna kuti kasitomala akhale ndi akaunti ya bizinesi ndi mgwirizano wake ndi kampaniyo kapena ndi kampani ina yodutsirako malipiro, ndipo nthawi imene mapepalawo atenge sili m'manja mwanu. Uzani kasitomala ayambe kuyendetsa mapepalawo sabata yoyamba, ndipo gawo limeneli likhale ndi tsiku lakelake lomalizira.

Kulembetsa domain ndi hosting m'dzina lanu. Zimaoneka zachangu poyamba, koma tsiku limene mwasamukira ku Johannesburg kapena mwasemphana maganizo ndi kasitomala, sukuluyo imatsala yopanda mphamvu pa katundu wake. Zilembetsedwe m'dzina la sukulu ndi imelo ya sukulu, inu mungopatsidwa chilolezo cholowamo.

Kunena kuti ntchito yatsala pang'ono. Mawu amenewa akhoza kunenedwa miyezi inayi yotsatizana. Tchulani nambala: zinthu 31 mwa 40 za m'chikalata zatha ndipo zayesedwa, zisanu ndi zinayi zatsala, ndi izi.

Kutseka pulogalamu kapena kubisa zolemba za kasitomala chifukwa sanamalize kulipira. Mkwiyo wake ndi womveka, koma kulowa mu seva ya kasitomala popanda chilolezo n'kusokoneza zimene zili mmenemo kukhoza kukugwetsani m'mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo ngongole imene munali kulondola imasanduka nkhani yaing'ono. Njira yabwino ndi yolemba mu mgwirizano kuyambira pachiyambi kuti invoisi ikapitirira masiku 30 osalipiridwa ntchito yatsopano ndi chisamaliro zimaima, ndiponso kuti code siiperekedwa mpaka malipiro omaliza atalowa. Zikafika pamenepo, lembani kalata yokumbutsa yokhala ndi tsiku, muphatikizepo chikalata chovomereza ntchito chimene anasainira pa gawo 9, ndipo masiku amene mwapereka akatha osayankhidwa, tengerani mapepala onsewo kwa loya.